Tochi ya a Maliko Zulu

KOMITI YA GULU LA OPUMA PANTCHITO, KAMWENDO

Tsiku: Lachinayi, 12 Juni 2025
Malo: Pakhonde la a Jere, kuseri kwa msika
Opezekapo: Phillip Jere (wapampando), Stelia Mbewe (mlembi), Imelda Tembo, Austin Nkhoma, Maliko Zulu
Osapezekapo: Esitele Daka (ali kumaliro ku Chipata), Joe Sakala (sanatumize mawu)

1. Kutsegula
Mayi Tembo anatsegula ndi pemphero nthawi ili 2:20 masana.

2. Lipoti la kusowa tulo
Mayi Tembo, amene anali namwino, anati mwa mamembala 19 amene anawafunsa, 13 sagona bwino. Zifukwa anatchula tiyi wa madzulo, kudzukadzuka kukataya madzi, kuphwanya kwa mawondo, kugona masana, wailesi ya kumutu kwa bedi, ndiponso kukhala wekha m'nyumba. A Nkhoma anati tiyi asamunamizire, iwo akhala akumwa chiyambire 1974. Ananena izi akuyasamula.

3. Nkhani ya a Zulu
Wapampando anati anyamata a chitetezo cha m'mudzi mwathu akuti a Zulu amatamba, poti amaoneka panja usiku. Sabata yatha denga lawo linagendedwa, ndipo auzidwa kuti pofika Loweruka akhale atasamuka.

Mayi Tembo anati za ufiti palibe. Munthu amene walondera mashedi a fodya zaka 31, thupi lake linazolowera kuti usiku ndi nthawi ya ntchito.

A Nkhoma anati ngakhale zili choncho a Zulu azidzitsekera m'nyumba, "chifukwa inenso ndawaonapo kawiri, atavala chijasi chawo chija." Wapampando anafunsa kuti nanga iwo a Nkhoma ankatani pazenera anthu onse ali mtulo. Anafunsanso ngati alipo ena amene anawaonapo a Zulu usiku. Manja anakwera atatu: la Mayi Tembo, la wapampando mwini, ndi langa ine mlembi. Ndalemba izi ndi manyazi, pakuti nyumba yanga inapenyana ndi ya a Zulu, koma sindinatsegulepo chitseko kuti ndiwalonjere.

A Zulu atapatsidwa mpata anati: "Akuluakulu, ine sindiponda pakhomo pa munthu. Ndimangozungulira nyumba yanga, monga ndinkachitira ku esiteti. Kale ndikaweruka, mayi akunyumba ankandilandira tochi n'kunena kuti, 'Ntchito yatha, bambo, kagoneni.' Chimwalirireni iwo, palibe wondiweruska."

Kenaka wapampando anapempha kuti tigwirizane zochita.

Zogwirizana:
(a) Mawa komiti yonse ikaonana ndi anyamatawo, ndipo aliyense akanene poyera kuti nayenso sagona. Wapampando anati wofuna kusamutsa a Zulu ayambe wapeza lole yokwana tonse.
(b) Mayi Tembo awaperekeza a Zulu kuchipatala Lolemba.
(c) Mamembala azisinthana kupita kwa a Zulu madzulo alionse, akadya, kukawalandira tochi ndi kuwauza kuti ntchito yatha. A Nkhoma anapempha kuti ayambe ndi iwo.

4. Zina ndi zina
A Zulu anafunsa ngati n'kololedwa kuyamba lero lomwe. Wapampando atavomera, a Zulu anapisa m'thumba la jasi n'kutulutsa tochi yomangidwa ndi mphira. A Nkhoma anaimirira, anailandira ndi manja awiri, koma mawu anawakanika. Mayi Tembo ndiwo anawanenera.

5. Kutseka
Tidzakumananso pa 26 Juni, pakhonde la a Zulu. Msonkhano unatha 4:05 madzulo.

P. Jere, Wapampando
S. Mbewe, Mlembi