Mkaka wa atate

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha, ndipo nyumba ino yandichepera.

Aphunzitsi anga a ku yunivesite yakunja kuja alembanso. Timabatire tanga toyeserera tikugwirabe ntchito. Sulufule amene ndinamukuta ndi polima, pulasitiki yodutsa magetsi ija, sakusungunukanso n'kuthawa m'kathodi, mbali imodzi ya batire, ngati kale. Akuti ndikapezeke ku labu Lolemba, apo ayi ntchitoyo aipereka kwa wina.

Ndawawerengera atate uthengawo pakhonde. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapu ya mkaka. Ku mgodi wa mtovu kumene ankagwira ntchito ankawapatsa mkaka tsiku lililonse, ati umatsuka mtovu m'thupi. Chibwerereni kuno ku Bwacha kutchuthi, akundimwetsa ngati mankhwala.

Ndinawafotokozeranso kuti mabatire anga ndi a litiyamu ndi sulufule, mulibe mtovu ngakhale pang'ono. Iwo anati, "Nafenso anatiuza kuti fumbi lija silipha. Ine ndinapuma mtovu kuti iwe usaukhudze, mwana wanga." Pasipoti yanga ikadali yotsekeredwa m'sutikesi mwawo, ndipo kiyi ili m'thumba la jekete imene savula ngakhale kutenthe chotere.

Ndinafuna kukalipa. Koma manja awo ankanjenjemera, mkaka ukutayikira pasimenti. Munthu wotero ungamukalipire bwanji? Zaka ziwiri ndakhala ndikuphunzira kutsekera chinthu kuti chisathawe, ndipo ndinkanyadira nazo.

Mkakawo ndamwa wonse. Mawa akamakasamba, jekete ija adzaikoloweka pachitseko monga mwa masiku onse, ndipo ine sindikudziwa ngati dzanja langali lidzaisiya kiyi ija m'thumbamo...