Ndiloleni Ndibwererenso Kumadzi Oundana

Al Warqa, Dubai
12 Seputembala 2021

Okondedwa achemwali anga a Selinah,

Moni wanga akupezeni nonse pakhomopo. Kodi muli bwanji pamodzi ndi alamu anga a Rodrick? Nanga Amayi, mwendo uja unasiya kutupa? Mwana wanga Lulu akukumverani? Ine kuno ndili bwino, katemera ndinabayitsa, ndipo Mulungu akundisungabe.

Kalatayi ndapatsira a Dorothy a ku Karama, amene akubwerera kumudzi poti ntchito yawo yatha. Ndalemba dala pamanja, chifukwa pafoni mukangoti halo ine mawu amandithawa, pomwe nkhani ili kukhosi kwangayi ndi yofunika kuikhalira pansi.

Mukukumbukira kuti chaka chatha mu Febuluwale, matenda a Kovidiwa asanatseke dziko, ndinakuuzani kuti ndaperekeza abwana anga, Madam Huda, ku holide. Sindinafotokoze zambiri poti sindinkadziwa poyambira. Madam ndi mayi wachikulire, ntchito yawo ndi yojambula mbalame za m'nyanja, ndipo ananditenga kuti ndiziwanyamulira makamera chifukwa msana unayamba kuwavuta. Tinakwera ndege mpaka kunsonga kwa dziko la Argentina, kenako sitima ya pamadzi kulowera kummwera, kumene dziko limathera.

Masiku oyamba ndinkangosanza, ndikudzifunsa kuti ndinalakwira yani. Nditapezako bwino Madam anandikokera panja. Kumbuyo kwa sitima kunali chimbalame china, mapiko ake kutalika kuposa chitseko, chikutitsatira tsiku lonse osakupiza ngakhale kamodzi. Ndipo kutsogolo, achemwali, ndinaona phiri ngati la Bunda likuyandama pamadzi. Lonselo linali la madzi oundana, pamwamba mbee, m'ming'alu mwake muli buluu woti sindinamuonepo ngakhale pa nsalu za m'mashopu a ku Bur Dubai.

Kuzizira kwa ku Dedza mu Juni ndi masewera a ana. Mabatire a kamera ankafa mosakhalitsa, choncho ndinkawasunga m'khwapa ngati nkhuku yokhalira mazira. Tikamalowa m'sitima, kamera tinkayamba taimanga m'jumbo, apo ayi imachita thukuta mkati n'kuwonongeka. Pofuna kudina batani umavula gulovu, ndipo chala chimachita dzanzi usanaphethire kawiri.

Kumtunda tinapeza mapengwini, mbalame zosauluka zoyenda chilili ngati madikoni ovala majekete akuda. Zinali zikwizikwi, phokoso ngati abulu a pamsika wa Mitundu, fungo loposa khola la nkhuku m'dzinja. Chimene chinandizizimutsa n'choti sizithawa munthu. Ife tinakula tikudziwa kuti mbalame ikaona munthu yaona legeni. Kumeneko lamulo ndi loti usaziyandikire, koma izo zikafuna zimabwera zokha. Ndili chigonere chafufumimba pa chipale pambali pa Madam, kamwana kena kanabwera n'kujompha chingwe cha nsapato yanga, n'kundiyang'anitsitsa ngati kakufunsa kuti ndine mwana wa yani.

Koma Madam ankasaka kambalame kena, koyera, kakukula ngati nkhunda, maso ndi mlomo zokha zakuda, kamene kamakhala kumadzi oundanawo moyo wake wonse. Ankati n'kovuta kujambula, chifukwa choyera chikakhala pa choyera chinzake kamera imasokonezeka n'kutulutsa zotuwa.

Tsiku lina tinali m'kabwato kopopa, injini atazimitsa. Kunali zii, moti ndinkamva timiyala ta ayezi tikuthetheka m'madzi ngati chimanga chokazinga. Mwadzidzidzi kambalameko kanatulukira kutsogolo kwa chikhoma cha buluu cha madzi oundana. Manja a Madam anali atauma gwa, ndipo anangondiikira kamera pamiyendo.

"Yalla, fulumira Edinah, jambula iwe."

Zimene Madam ankandionetsa za kamera m'sitima zonse zinabalalika m'mutu. Ndinangokatsatira ndi diso, chala chikudina chokha. Kenako kunamveka ngati bingu, mbali ya chikhomacho inagumuka n'kugwera m'nyanja, ndipo funde linatinyamula n'kutikankhira kumbuyo. Woyendetsa bwato ankakuwa kuti tigwiritse, koma kambalame kaja kankangozungulira pamwamba pa chipwirikiticho, kosatekeseka.

Misozi inandiundana m'zikope. Ndakhala ndikupemphera kuyambira ku Sande sukulu, koma tsiku limenelo ndi pamene ukulu wa Mulungu unandichititsa mantha, poona kuti zonsezi anazilenga kumalo kopanda munthu woti aziyamikira. Chithunzi chili muenvelopumu ndi chomwecho. Ndinajambula ndine.

Tinafika ku Dubai patangotsala pang'ono kuti atseke bwalo la ndege. Miyezi ija yobindikira m'nyumba, ndikamaliza kukolopa Madam ankandikhazika pakompyuta kuti tisankhire limodzi zithunzi za buku lawo, ndipo ankandituma pakhonde kuti ndizikaphunzirira kamera pa nkhunda.

Mu Januwale chaka chino Kovidi anawagwira. Anakhalitsa m'chipatala, ana awo ali kunja kwa dziko osatha kubwera, ine ndili ndekha m'chinyumba chonsechi ndikudikira foni ya anamwino. Anachira, koma mapapo anawonongeka. Kuchoka kuchipinda kufika kukhitchini amapumira panjira. Dokotala anawauza kuti za kumalo ozizira khalas, zatha basi, aiwaleko.

Mwezi watha anandiitana kuchipinda kwawo. Anati bukulo latsala ndi chithunzi chimodzi, cha kambalame kaja kali pachisa m'matanthwe, ndipo sitima ziyambanso kuyenda chaka chisanathe. Mnzawo wina wamkazi wa ku Norway, wojambula ngati iwo, wavomera kunditenga ngati womuthandiza, kuti ndikakhale maso a Madam. Ndinawakumbutsa kuti ine ndine wantchito wa m'nyumba, sukulu ndinalekezera Fomu 2. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti mbalame sizifunsa satifiketi.

Apa ndiye pagona nkhani, achemwali. Ulendowu ndi woyambira Disembala mpaka Febuluwale, ndipo Disembala ndi mwezi womwe ndinalonjeza Lulu kuti ndidzakhalapo pamene azidzalandiridwa mumpingo. Diresi loyera ndinagula kale, a Dorothy anyamula. Ndikudziwa kuti mwanayo mwalera ndinu. Ndikudziwanso kuti chaka chatha ndinamulonjeza kuti ndibwera, matenda n'kutseka njira. Ulendo uno palibe watseka njira, ndine ndekha amene ndikupempha.

Musaganize kuti Madam akundikakamiza, iyayi. Ndikufuna ndine. Chichokereni bambo ake a Lulu, chilichonse chimene ndachita ndachita chifukwa ndinalibe kuchitira mwina: kugulitsa kaunjika, kubwera kuno, kuchapa zovala za eni. Ichi chokha ndicho mtima wanga wasankha wokha, ndipo ndikachiganiza ndimamva manyazi ndi chimwemwe nthawi imodzi.

Madam sindinawayankhebe. Ndinawauza kuti kwathu nkhani yotere munthu samanga yekha, ndipo iwo anati inshallah, adikira.

Chonde mukhale pansi ndi Amayi, muwauze mofatsa kuti mwana wawo sanapenge. Kenako muwerengere Lulu kalata yonseyi osadumpha mzere, ndipo musamuuze choti ayankhe. Akati amayi apite, ndidzafika mu Malichi n'kukhala naye mpaka atatsekera sukulu. Akati amayi abwere, ndibwera mu Disembala, ndidzakhala pa benchi yakutsogolo, ndipo mawu odandaula sadzawamva pakamwa panga mpaka kalekale. Yankholo musandilembere. Mumupatse foni, ndilimve ndi mawu ake.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa alamu, kwa amalume a Abraham ndi amayi onse a Chigwirizano amene amandipempherera. Ambuye akutchinjirizeni ku mliriwu, ndipo akubwezereni zonse zimene mwandichitira pa mwana wanga.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Edinah