Basi Imaima

Lobi, Dedza
14 Juni 1996

Okondedwa achimwene a Gerevazio,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Blantyre. Kuno tilipo, kungoti chisanu chanyanya ndipo nyemba sizinachite bwino.

Kalata yanu ndinalandira. Mwati masiku ano mukamapita kumisonkhano ya kuntchito mumakwera ndege, ndipo kuchoka ku Chileka kukatera ku Lumbadzi ola silikwana, tiyi asanazizire n'komwe. Tayamika. Ine Lachiwiri ndinalawirira ndi amayi kupita kuchipatala kuboma. Tinadikira matola mpaka masana, ndipo tinakafika dzuwa litapendeka.

Nditawawerengera kalatayo, amayi anafunsa ngati ndege yanuyo imadutsa pamwamba pathu pano. Ndinangovomera, poti ndinali nditatopa. Kuyambira tsiku limenelo, akangomva kulira kumwamba ankandiitana kuti ndiwatulutse panja pamkeka, ati muwaone mukamadutsa. Musade nkhawa ndi msana wanga, masiku ano salemera.

Sabata ino ndege zadutsa ziwiri, koma sanandiitane.

Mukaganiza zobwera, achimwene, mukwere basi. Imeneyo imaima.

Ine mlongo wanu,
Agnesi