Njinga ya ababa yatsala yopanda magiya

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti maondo a ababa akuvutabe.

Nkhani ndi ya njinga yamagiya munawatumizira ija. Mwezi watha tcheni chinayamba kudumpha akamasintha giya pachitunda cha ku Mauwa. Ndinapita nayo kwa wokonza njinga za kabaza pa Njuli. Atayiyang'ana anati, "Chemwali, zamagiyazi n'zovutitsa, tingochotsa." Ine, posadziwa, ndinavomera. Anafupikitsa tcheni, kachitsulo kosinthira magiya kaja n'kukaponya pamulu wa zitsulo zakutha.

Lamlungu kutchalitchi, mnzanu wina amene ali ndi njinga yotere anandiuza kuti waya wa magiya anangokhwefuka, kunali kungomukunga basi. Ndinathamangira pa Njuli, koma zitsulo zija anali atagulitsa kale.

Tsopano ababa akafika pachitunda paja amatsika n'kumaikankha, akupuma kawirikawiri. Sanandikalipire ayi. Anangoti, "Usamuuze mlongo wako, angadandaule."

Ndalephera kukubisirani. Chonde, mukapeza wobwera kumudzi kuno, mumupatsire kachitsulo kena ndi tcheni chatsopano, ababa asiye kukankha mphatso yanu.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Esinati