Uta wa mapaundi 62

Mauthengawa anandionetsa ndi Duane Tollefson, tikudikira kuti atimatire matayala ku Viroqua. Wendell ndi mlamu wake, wa zaka 73, ndipo Janelle ndi mwana wa Wendell. Wendell amasaka mbawala ndi uta m'nkhalango ya mayi Halvorsen, amene lamulo lawo ndi limodzi: ukalasa nyama osaipeza, chaka chimenecho usabwerenso. Mapaundi a uta ndi mphamvu yomwe imafunika pokoka chingwe chake.

LACHIWIRI

Janelle 07:12
adad uta uja ndausiya pakhonde. ndi wa mapaundi 45. ingouyesani plz

Wendell 07:40
ndauona. wa ana asukulu

Janelle 07:41
dokotala anati phewa lanu lisakoke zolemera mpaka januwale

Wendell 07:58
dokotala sanaphepo mbawala. wanga wa 62 ndasaka nawo zaka 30

Duane 08:03
kkkk alamu 62 yo inalembedwa pa uta, osati pa mkono wanu

Duane 08:04
lamulungu ndinakuonani mukuyeserera. chingwe mukuchitaya chisanafike ndi pachibwano pomwe

Wendell 08:20
unabwera kudzaona ine kapena kudzatha soseji wanga

Duane 08:31
🎤 mawu 0:44
"Alamu, tamverani kaye. Mukakoka osafikitsa pakamwa, uta wa 62 ukuponya ngati wa 50, muvinso ukupita chokhota. Ndiye nsonga zanu za mipeni itatu zija, zotambalala ngati fosholo, zimafuna mphamvu kuti zilowe. Tengani wa 45, muike nsonga yopapatiza ya mipeni iwiri, muinole mpaka izimeta ubweya wa pamkono. Imeneyo ibowola mapapo onse awiri n'kutulukira mbali inayo. Arlene wa kugolosale uja amapha chaka ndi chaka ndi wa 42."

Wendell 09:02
ndie kasake ndi Arlene

Janelle 09:10
ok adad tipange chonchi. valani jekete la kutchire, khalani pampando, mapazi asaponde pansi. kokani wa 62 mpaka pakamwa muwerenge kufika 10. mukatha sindiyankhulanso

Wendell 12:33
ndatha

Janelle 12:34
vidiyo?

Janelle 14:50
adad

LACHISANU

Janelle 16:20
ndanola nsonga 3 za mipeni iwiri, zili kale pa mivi yoyenera wa 45. ndasiya mu garaja

Duane 16:41
ine zangati kundidula chala. zili bho

LOWERUKA

Wendell 06:48
ndakwera pansanja ya mumtengo. kukuzizira

Janelle 06:49
mwatenga uta uti

Wendell 07:31
ndalasa. yamphongo, nyanga nthambi 8. mayadi 15

Duane 07:32
pati

Wendell 07:34
chakutsogolo pang'ono

Duane 07:34
muvi watulukira mbali inayo?

Wendell 07:36
yathawa nawo

Duane 07:36
kunja umaoneka wotalika bwanj

Wendell 07:45
pafupifupi wonse

Duane 07:46
musaitsate. mukaidzidzimutsa ipita mpaka ku Iowa. khalani pompo maola 4, ndikubwera

Janelle 07:50
adad uta uti

Duane 12:15
Janelle, muvi taupeza wothyoka. unalowa zala zitatu basi, wagunda fupa la phewa. nsonga yatsalira momo

Janelle 12:16
ya mipeni ingati

Duane 12:22
ukufunsa zomwe ukudziwa

Duane 14:05
magazi ndi timadontho. athera pamtsinje

Janelle 14:06
ndikuweruka 3, ndikupezani. adad adya?

Duane 14:20
sangweji ali nayo mthumba

LAMULUNGU

Duane 15:40
tazungulira dambo lonse mpaka kumunda wa chimanga. palibe. ngakhale akhwangwala sakuzungulira paliponse

Duane 15:52
mayi Halvorsen ali ku Madison kwa mwana wawo mpaka lachitatu. sanaone kanthu. inenso maso angawa ndi okalamba

Janelle 15:53
amalume!!

Duane 15:55
ndikungonena. zaka 73, nyengo zosaka zawatsalira zingati. ndie mwezi wa mawa ndi pomwe zamphongo zimayenda masana

Janelle 16:30
🎤 mawu 0:21
"Adad, ine sindinagone nazo bwino. Komabe... mukalonjeza kuti muzitenga wa 45, inenso sinditsegula pakamwa. Mupite mukasake Novembala wanu. Ndamaliza."

Wendell 17:05
mayi Halvorsen ndawaimbira kale mmawa

Duane 17:06
ati chani

Wendell 17:14
ati zikomo pondiuza, tionana chaka chamawa ngati tonse tilipo

Wendell 17:15
chiphaso chosakira ndang'amba. nsanja ndikatsitsa mawa

Duane 17:17
ndibwera ndi makwerero

Wendell 17:29
ubweredi. mkono sukukwera m'mwamba, jekete andivula ndi aneba

Janelle 17:30
mawa 10 koloko tikupita kuchipatala. sindikufunsa

Wendell 17:41
nsanja kaye

Janelle 17:42
chabwino nsanja kaye. nanga wa 45 uja ndidzautenge kapena ukhale

LACHITATU

Janelle 08:05
adad, uta uja?

Duane akuti mbawalayo inachira, akuti anaiona yekha mu Disembala ikudya m'munda wa chimanga uja, ikutsimphina pang'ono. Ine ndikukayika. Mbawala zotsimphina ndi zambiri nyengo yosaka ikatha, ndipo Duane mlamu wake amamukonda.