Ola limodzi ndi theka kuchokera ku Rome

Lachinayi madzulo. Ndatopa.

Mwana wathu Tawonga sanatumizebe uthenga woti wafika ku chilumba cha Malta, komwe wapeza ntchito ya unamwino. Ndege yake yanyamuka ku Rome m'mawa.

Tsiku lonse ndalimbana ndi liwu loti "chilumba". Amayi ake atangolimva, maganizo awo anathamangira ku Likoma, kenako ku mabwato odzaza anthu aja timaona pa TV akumira m'nyanja ya Mediterranean.

"Bambo a Tawonga, mwana wanga akwera boti?"

"Ayi, Nyagondwe, akwera ndege."

Ndinawaonetsa mapu pafoni. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 700, ngati kuchoka kumpoto kuno ku Ching'ambo kukafika ku Blantyre. Basi imatha tsiku lonse, koma ndege ola limodzi ndi theka.

"Yewo chomene, aphunzitsi," anatero. "Koma kunsi kwa msewu wa ku Blantyre kulibe madzi."

Ndinatseka mapu aja.

Nthawi yoti ndege itere inadutsa kalekale. Zifukwa zomveka zilipo: mzere wodindira mapasipoti umatalika, ndipo nambala yakuno mwina sikugwira kunjako. Ndawafotokozera zonsezi modekha. Chomwe sindinawauze n'chakuti foni ndaisuzumira kambiri kuposa iwo.

Akafika kogona apeza intaneti. Pamenepo ayenera kuimba.