Dazi Langa ndi Manja a Lajabu

Wokondedwa Perpetua,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Dublin, pamodzi ndi amuna ako ndi kamdzukulu kanga. Ine ndilipo, kungoti thupi likulemera, ndipo chifunga cha kuphiri chikumatsika msanga chaka chino.

Ndiyambe ndi dandaulo. Iwe mwana, kundilembetsa kwa phungu wa zamaganizo osandifunsa? Ine amene ndaphunzitsa ku koleji mpaka kupuma, kukakhala pakampando ka pulasitiki n'kumafunsidwa za mumtima! Kupita ndinapita, koma kukangomuonetsa kuti ndilibe vuto.

Phunguyo, Mayi Khatija, anandifunsa mmene sabata yanga imayendera. Ndinatchula tchalitchi, msika, ndi ulendo wa kwa Lajabu, wometa wa ku Chinamwali, kumene ndimapita pafupipafupi. Anayang'ana dazi langali, n'kufunsa mwaulemu kuti kodi Lajabuyo amameta chiyani.

Ndinapsa mtima. Kenako ndinawauza zoona zake.

Lajabu amandigwira mutu, kuupendeketsa uku ndi uku, kuupukuta ndi kansalu kofunda. Chimwalirireni amayi ako, manja ondikhudza ndi okhawo. Ena onse amandipatsa nsonga za zala, dzanja lina litagwira chigongono. Ulemu wokhawokha, mpaka munthu kuuma nawo. Mayi Khatija anati khungu nalonso limamva njala. Ndinawayankha kuti zimenezo n'zachizungu. Anangomwetulira, ati kwawonso amatero. Ndikumapitabe kwa phunguyo, ndipo tulo tayamba kubwera. Usanyade nazo.

Ukukumbuka mmene ndinasekera paukwati wako, apongozi ako akupsompsonana m'masaya ngati nkhunda? Kwathu kuno mwana wamkazi akatha msinkhu, bambo amaima patali. Ndinakunyamula komaliza uli kupulayimale, utagona m'minibasi pochokera ku Liwonde. Ndatopa nako kuima patali, mwanawe.

Tsono tamvera. Ukadzatsika ndege ku Chileka pa Khirisimasi, usadzandigwadire. Azakhali ako adzalankhula, udzawasiye. Ine ndidzaima manja ali lende, nkhope ili ngati ya wapolisi, mwinanso ndidzang'ung'udza. Usadzandimvere. Udzayambe ndiwe kundikumbatira, chifukwa ine sindidziwa kuti zimenezi amayambira pati. Ndipo usadzafulumire kundisiya.

Undiperekere moni kwa amuna ako, uwauze kuti iwowo chanza chikwanira. Mulungu akusungeni nonse m'chisanu chanucho.

Lajabu nayenso akupereka moni. Sakudziwa kuti watsala pang'ono kutaya kasitomala.

Ndine bambo ako,
Justus